Mngelezi wa ku Nangaree

Aubrey Tarleton anafika ku wailesi yathu mu Febuluwale 1932, dzuwa likuswa mtengo, iye atavala jekete lakuda laubweya ndi magolovesi. Sanagogode. Anakankha chitseko cha ofesi ndi ndodo yake, n'kundiyang'ana ine pamodzi ndi taipilaita yanga ngati tonse ndife mipando, n'kunena kuti, "Mayi, kauzeni mwini malo ano kuti ndafika." Dzina sanatchule. Ankayesa kuti Sydney yense akumudziwa.

Ine ndine Dulcie Prendergast. Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu, mwamuna wanga atamwalira kale, ndipo pa wailesipo ndinkataipa masewero ndi kuchita nawo mbali za akazi. Wailesi yake inali yaing'ono, zipinda zitatu pamwamba pa sitolo ya mipando. Chipinda choulutsiramo mawu tinachikuta ndi mabulangete kuti phokoso la mumsewu lisalowe, ndiye mpweya nawonso sunkalowa. Lamlungu lililonse madzulo tinkaima mozungulira maikolofoni imodzi, thukuta lili kamukamu, n'kuchita sewero la ola limodzi. Kujambuliratu kunalibe. Chimene watulutsa pakamwa chinkalowa m'nyumba za anthu nthawi yomweyo.

Zaka zimenezo kanema wolankhula anali atapha nyumba za zisudzo. Anthu amene dzulo lake ankawomberedwa m'manja pansanja tsopano ankakwera masitepe athu mmodzimmodzi kudzapempha ntchito. Ambiri ankabwera modzichepetsa. Tarleton anabwera ngati watibweretsera mphatso. Anauza a Gilchrist, bwana wathu, kuti anabadwira ku Mangalande, kuti anasewerapo m'nyumba zikuluzikulu za ku London, ndiponso kuti wailesi ndi bokosi la antchito am'khitchini, koma iye walola kulikwezako pang'ono. A Gilchrist anali munthu wogulitsa mabedi pansi paja, amene anakwera masitepe n'kukhala bwana chifukwa chokwatira mwana wa mwini sitolo. Akamva munthu akulankhula ngati Mngelezi, ankangovomera chilichonse. Tsiku lomwelo anamupatsa udindo wosankha masewero, kuwakonza kuti akwane pa wailesi, ndi kutenga mbali yaikulu m'sewero lililonse.

Chuma chake chonse chinali mawu. Ankawakoka pansi pa mimba n'kuwatulutsa pang'onopang'ono, ngati munthu amene wavumata madzi ndipo akuopa kuwataya. Asanayambe kulankhula ankaweramira maikolofoni, ndipo akamaliza ankaiweramiranso. Chala chake chaching'ono cha kumanzere chinali choduka nsonga, ndipo ankati chinadulidwa ndi lupanga pansanja ku London. Mayi ake ankati anamwalira iye ali wamng'ono, m'nyumba yozunguliridwa ndi maluwa. Akamanena zimenezi ankayang'ana kudenga.

Clarrie Voss, amene ankapanga maphokoso a m'masewero ndi zikamba za kokonati, lata, miyala ya m'thireyi ndi kachitseko kake kamatabwa, anamupatsa dzina loti Abwanamkubwa. Akamva ndodo ikugogoda pamasitepe ankati, "Dulcie, pukuta mphuno, Abwanamkubwa akukwera."

Kakonzedwe kake ka masewero kanali kosavuta. Anali ndi chibokosi cha masewero akale a pansanja, a maola atatu atatu. Ankatenga pensulo yofiira n'kufufuta mawu a wina aliyense mpaka litatsala ola limodzi, ake osakhudzako ngakhale limodzi. Mkazi amene pansanja anali ndi masamba khumi ankatsala ndi "Inde, mwamuna wanga" ndi "Kalanga ine." Chimene sankafuna kumva n'chakuti omvera wailesi saona. Munthu akatulutsa mfuti pansanja, holo yonse imakuwa. Pa wailesi, ngati wina sananene kuti "Ika pansi mfutiyo," mayi amene akusoka sokosi ku Balmain sangadziwe kuti pali mfuti. Ndinamuuza zimenezi kangapo konse. Yankho lake linali limodzi: "Mayi Prendergast, ntchito yanu ndi ya zala. Ya mutu isiyireni ine."

Sewero lina linali la mkazi amene anapeza kalata ya chibwenzi m'thumba la mwamuna wake n'kuiwotcha, mwamunayo n'kulowa, n'kuona phulusa, n'kuzindikira kuti wagwidwa. Tarleton anati pansanja pamenepa ankaima mphindi ziwiri osalankhula, nkhope yokha ikugwira ntchito, ndipo akazi ankakomoka m'mipando.

"A Tarleton," ndinatero tikuyeserera, "bwanji mwamunayo afunse kuti, 'N'chiyani chapsa pano?' Anthu adziweko chimene chikuchitika."

"Chete ameneyu ndiye mtima wa sewero lonse," anayankha. "Amene sangamumve asamumve."

"Amumva ndithu," anatero Clarrie atagwada pa thireyi yake. "Chete wa Abwanamkubwa amamveka mpaka ku Newcastle."

Lamlungu lake anachitadi. Mkaziyo ndinali ine. Clarrie anafinya pepala pafupi ndi maikolofoni kuti limveke ngati moto, anatsegula kachitseko kake, kenako zii. Tarleton anaima patsogolo pa maikolofoni ija n'kuyamba kukweza nsidze, kunjenjemeretsa mlomo, kugwira pamtima. Mphindi imodzi inatha. Wamakina, kuseri kwa galasi, anayamba kumenyamenya zipangizo zake poyesa kuti waya waduka. Foni ya mu ofesi inayamba kulira. Ine ndinkangoyang'ana pepala langa, limene linalibe mawu anga kufikira iye atalankhula. Mphindi yachiwiri itatha anapuma mozama n'kunena mzere wake, koma anaunena atatembenukira kukhoma, kumene m'maganizo mwake kunali anthu omuonera, ndiye sunamveke.

Sabata imeneyo madandaulo anali mbwee. Bambo wina wa ku Marrickville anamasula wailesi yake yonse kufunafuna chimene chawonongeka, ndipo analephera kuibweza. Tarleton anauza a Gilchrist kuti ku London amatero. A Gilchrist anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti tili ndi mwayi wophunzira kwa munthu wotere. Tinaphunzira zaka ziwiri.

Mu 1934 kampani ina yopanga mankhwala osambitsira nkhosa inavomera kuthandiza sewero la Lamlungu, koma inati ikufuna nkhani zoti alimi azimvera. Munthu wa kampaniyo, a Dreyer, anabwera ndi magazini atapinda tsamba. Munali nkhani yaifupi ya mayi wina dzina lake Philomena Kinsella, mkazi wa mlimi wa ku Nangaree, kumadzulo kwenikweni kumene sitima imafika kawiri pa sabata. Inali nkhani ya mkazi wotsala yekha pafamu m'chaka cha chilala, mwamuna atapita ndi nkhosa kukasaka msipu, ndi nkhalamba ya famu yoyandikana nayo, Dinny Roach, imene inkabwera tsiku ndi tsiku kudzapempha kanthu, lero nyundo, mawa mchere, pamene chenicheni inkafuna kuona ngati mayiyo akadali moyo. Pamapeto mvula inagwa padenga la malata. Basi. Ndinaiwerenga kawiri ndili chiimire.

Tarleton anaigwira ndi zala ziwiri ngati nsanza. Patatha sabata anandibweretsera zoti nditaipe. Famu ija inali itasanduka chinyumba cha zipinda makumi anayi ku Mangalande. Mkazi uja anali dona wa antchito asanu ndi awiri. Dinny Roach anali mkulu wa asilikali wopuma pantchito, wolankhula masamba atatu osameza malovu. Nkhosa zinali agalu osakira nkhandwe.

"Nanga chilala chija chapita kuti, bwana?" Clarrie anafunsa. "Kwanu kuja ndimamva kuti mvula imagwera ngakhale m'tiyi."

"Ndaikapo chifunga."

"Chifunga chimalira bwanji? Ndikufunsa poti wochiliza ndine."

Lachinayi masana tikuyeserera, a Gilchrist analowa ndi a Dreyer komanso mayi wina wamfupi, wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, nkhope yopsa ndi dzuwa, chikwama atachigwira ndi manja awiri. Anali Mayi Kinsella. Anabwera ku Sydney kudzayezetsa maso, ndiye anati adzamveko nkhani yawo. Anawakhazika pampando pakona. Anamvetsera mphindi khumi, kenako anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Pepani. Nkhosa zanga zili kuti?"

Tarleton anamwetulira monga mmene dokotala amamwetulira kwa wodwala amene sakumva malangizo. Anayamba kuwafotokozera kuti nkhani yawo inali ndi kambewu kabwino ndithu, koma anthu otsogola sangakhale ola lathunthu kumvera za fumbi ndi ntchentche. Anati luso lenileni limakhala kutsidya kwa nyanja, ndipo anthu akumidzi ngati iwo ayenera kuthokoza kuti winawake wawatsukira nkhani yawo. Analankhula nthawi yaitali, ndipo chifukwa cha kutentha anali atavula magolovesi. Mayi Kinsella sankamuyang'ana kumaso. Ankatsatira dzanja lake lamanzere likuuluka m'mwamba. Kenako anatsegula chikwama, anatulutsa magalasi awo atsopano, n'kuvala.

"Iwe ndiwe Bert," anatero.

Tonse tinacheukira kwa Tarleton.

"Bert Scully. Mwana wa Scully wa butchala. Chala icho unachisiya m'makina operera nyama uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amene anakunyamula kupita nawe kwa dokotala ndi mchimwene wanga. Unalira kuchokera pabutchala mpaka pa positi ofesi."

"Mayi, mwandisokoneza ndi munthu wina," anatero Tarleton. Mawu anali a masiku onse aja, koma makutu anali atafiira.

"Makutuwonso ndi a bambo ako. Mayi ako ali moyo, ukudziwa? Lamlungu lililonse amayenda wapansi mpaka kuhotela kukakhala pafupi ndi wailesi. Sauza munthu chifukwa chake. Ine ndinkadabwa kuti gogo ameneyu masewero a madona awakonderanji. Lero ndamvetsa."

Apa m'pamene anaphulika. Anaponya mapepala pansi n'kukuwa kuti, "Tatsekani pakamwa, mayi inu! Wakuitanani ndani kuno? Bwererani ku fumbi lanulo mukafere komweko!" Koma mawu amene anatuluka sanali a ku London. Anali a kumadzulo, otulukira m'mphuno, a anthu olankhula osatsegula pakamwa kwenikweni kuopa ntchentche, mawu a ometa nkhosa akamakangana m'bala. Anadzimva yekha. Anagwira pakamwa.

Clarrie anaika zikamba zake pansi mwaulemu. "Takulandirani, a Scully," anatero. "Mwayenda bwanji kuchokera ku London?"

Zina tinazimva kwa Mayi Kinsella, zina kwa anthu akale a zisudzo. Bert anathawa kwawo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anatsatira gulu la zisudzo loyendayenda ndi tenti. Kutali kumene anafika ndi ku New Zealand. Mangalande sanamuonepo. Kalankhulidwe kake anakakopera kwa nkhalamba ina yoledzera ya m'gululo, imene nayonso palibe ankadziwa kumene inachokera. Bambo ake atamwalira anatumiza khadi lopanda keyala.

Mayi Kinsella anauza a Dreyer kuti nkhani yawo ibwerere kumene anaisiya, apo ayi aitenga. A Dreyer anati iwo amagulitsa mankhwala a nkhosa, osati a agalu. Ntchito yoikonza inagwera ine, ndipo ndinaikonza m'masiku awiri, mayiwo atakhala pambali panga akundiuza mmene chitseko cha waya chimalirira ndi zimene munthu amanena kwa galu kunja kukatentha. Linatsala funso la amene achite mbali ya Dinny. A Gilchrist, amene kwa zaka ziwiri anakhala akugwadira mwana wa butchala, anali atakwiya ngati munthu amene wagulitsidwa bedi lothyoka. Anamuitana pamaso pa tonse.

"Iwe Scully, Dinny uchita ndiwe. Ndi mawu aja tinamva Lachinayi. Ukakana, masitepe ndi awo."

Kunja kunali mizere ya amuna osowa ntchito odikira msuzi waulere. Sanakane.

Ndinene zoona, ngakhale zimandiwawa mpaka lero: anachita bwino kuposa munthu aliyense amene ndinaimapo naye pa maikolofoni. Ndikhulupirira kuti cholinga chake chinali kunyoza, kuti tonse timve kuipa kwa kalankhulidwe kameneka. Koma atangotsegula pakamwa n'kunena kuti, "Odi, mayi, ndimati mwina muli ndi nyundo," munatuluka nkhalamba yeniyeni, yamanyazi, yoima pakhomo chipewa chili m'manja. Ankadziwa pamene munthu wotere amatsokomola, pamene amasiya mawu osamaliza, ndi mmene amanenera za mitambo akafuna kufunsa ngati mwadya. Pofika pamapeto, Clarrie akugwetsa mpunga pa lata, poyamba njere imodziimodzi kenako wambiri, Dinny n'kunena chapansipansi kuti, "Tamverani iyo, mayi," ine misozi inandituluka yeniyeni, ndipo mzere wanga womaliza ndinauwerenga osaona bwino.

Nyali yofiira yosonyeza kuti tikuulutsa mawu itazima, iye anapita kubafa kukachukucha m'kamwa. Tinkamumva tonse.

Makalata anabwera m'matumba. Ankachokera kumafamu, kumisasa ya okonza njanji, kumatauni a msewu umodzi kumene sitinkadziwa n'komwe kuti mawu athu amafikako. Ambiri ankati aka n'koyamba kumva munthu pa wailesi akulankhula ngati iwo. A Dreyer anapempha kuti Dinny asathe, ndiye nkhani ija inasanduka sewero lopitirira, katatu pa sabata, Mayi Kinsella akutumiza nkhani papositi, ine ndikuzisandutsa zolankhula. Tarleton anaika lamulo limodzi, loti dzina lake lisatchulidwe. Kumapeto muulutsi ankatitchula tonse mayina, kenako n'kuti, "ndi Dinny Roach." Lamlungu a Gilchrist anamusiyira kamphindi kowerenga ndakatulo ndi mawu ake ovumata madzi aja, ndipo kameneko ndiko ankakatcha ntchito yake. Palibe amene analembapo kalata yonena za ndakatulozo.

Makalata a Dinny sanatsegule ngakhale imodzi. Tinkayankha ine ndi Clarrie. Anthu ankatumiza uchi, fodya, masokosi oluka, ndipo zonse ankazikankhira kumbali. Tsiku lina Mayi Kinsella anaika kapepala m'kati mwa nkhani zawo, kolembedwa ndi pensulo, zilembo zonjenjemera. Kanali ka mayi ake a Tarleton. Analemba kuti atamva Dinny koyamba anaimirira m'hotela muja, poti anali mawu enieni a malemu mwamuna wawo, ndipo sakupempha chilichonse, akungofuna adziwe kuti amamvera. Ndinamupatsa m'manja. Anawerenga mzere woyamba, anakapinda, n'kundibwezera. "Ikani kwa enawo," anatero.

Ngakhale zinali choncho ndinayesabe kumumvera chisoni. Ndinkati munthu wothawa kwawo motere ayenera kuti ali ndi bala limene ife sitikuliona. Chisonicho chinatha tsiku limene kunabwera mlimi wina.

Anali bambo wamtali, wowonda, atavala suti imene inkaoneka kuti anaivala komaliza pa ukwati wake. Anayenda tsiku lathunthu pa sitima, botolo la uchi lili m'manja. Anakumana ndi Tarleton pamasitepe, ine ndili kumbuyo ndi mapepala. Bamboyo anafotokoza kuti mkazi wake wamwalira mwezi wapitawo atadwala chaka chonse, ndipo m'masiku ake omaliza chimene chinkamuseketsa chinali Dinny yekha. Iye anamulonjeza kuti adzabwera kudzamugwira chanza.

"Kodi ndingawapeze kuti a Dinnywo, bwana?"

Tarleton anamuyang'ana kuyambira kunsapato. Chimene chinkafunika ndi moni mmodzi yekha m'mawu a Dinny. Anayankha ndi a ku London aja: "Sindidziwa munthu wa dzina limenelo. Ogulitsa malonda amalowera kuseri." N'kumulambalala.

Bamboyo anapepesa. Anapepesa iye! Ndinamulowetsa mu ofesi, ndinamuphikira tiyi, n'kumunamiza kuti Dinny wapita kumudzi kukaona ng'ombe yake yodwala. Anasangalala kumva kuti Dinny ali ndi ng'ombe, ndipo ananditchulira mankhwala oti ndikamuuze. Uchi anausiya. Atachoka ndinapita kukamupeza Tarleton akupesa tsitsi.

"A Tarleton, munthu uja mkazi wake wafa."

"Anthu amafa, Mayi Prendergast. Ine sindine nyani wovinira anthu pamsika."

"Nyani akanamugwira chanza," ndinatero.

Madzulo ake anachita mbali yake bwinobwino monga mwa masiku onse. Ine ndinaima moyang'anana naye, maikolofoni yokha pakati pathu, n'kumamufunsa mofatsa ngati angamwe tiyi, poti ndi zimene zinalembedwa papepala.

Mu 1938 kunafika telegalamu yochokera kwa Mayi Kinsella yonena kuti mayi ake a Tarleton amwalira, maliro ndi Lachisanu. Akanakwera sitima ya Lachitatu akanafika. Ngakhale a Gilchrist anamuuza kuti apite, ife tidzati Dinny wadwala. Koma sabata imeneyo mumzinda munali gulu la zisudzo lochokera ku Mangalande, la Angelezi enieni, ndipo Lachinayi linkayesa anthu oti adzaze mbali zing'onozing'ono. Telegalamu anaiika m'thumba. Lachinayi anavala bwino n'kupita kukayesedwa.

Zimene zinachitika kumeneko tinazimva kwa mnzathu wina amene anali pamzere womwewo. Tarleton anakwera pansanja n'kuyamba kulankhula. Asanamalize tsamba, mkulu wa gululo, Mngelezi wonenepa amene ankadya sangweji, anamuimitsa.

"Bambo, kalankhulidwe kameneka munakatola kuti? Kwathu kulibe munthu amene amalankhula choncho. Mwina wansembe wina amene anamwalira agogo anga ali mwana." Anthu anaseka. "Komabe tikusowa munthu woti achite mbali ya wonyamula katundu wa kuno. Kodi mungathe kulankhula ngati anthu akuno?"

Tarleton anati sangathe.

Tsiku lotsatira anabwera ku ntchito n'kutiuza kuti anawakana ndi iye, poti gulu lake n'lachabechabe. Clarrie anayang'ana wotchi yapakhoma. "Nthawi ino akutsitsa bokosi," anatero, n'kuvula kapusi wake. Tarleton anatenga pepala lake n'kufunsa kuti tiyambira pati.

Mayi Kinsella anatumiza nkhani imodzi yomaliza, imene Dinny anafa atagwa pa hatchi. A Dreyer anaikana, poti Dinny ankawagulitsira mankhwala. Mayiwo anandilembera kuti sangathenso kuika mawu abwino m'kamwa mwa munthu amene analola kuti mayi ake aikidwe ndi anthu ongoyandikana nawo nyumba, ndipo sanalembenso. Ndinapitiriza ine. Sindidzitama nazo, koma ndinali ndi ana awiri oti adye. Zaka zinanso zisanu ndinkakhala pa taipilaita kusokera Bert Scully mtima wabwino, katatu pa sabata, iye n'kumauvala n'kumamukwana bwino, nyali ikazima n'kuuvula.

Sewerolo linatha mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, kampani ija itasintha eni. Tarleton anachoka osatsanzika. Anachita lendi chipinda ku Ashfield n'kukhoma chikwangwani choti amaphunzitsa kulankhula bwino. Ana aakazi a eni magolosale ndi a oyendetsa mabasi ankapita kumeneko Loweruka, makolo awo akufuna kuti adzapeze ntchito m'masitolo akuluakulu, iye n'kumawaphunzitsa kuchita manyazi ndi kalankhulidwe ka makolo awowo. Ena mwa iwo ankabwera kwa ife kudzayesedwa, ndipo ntchito yathu yoyamba inkakhala kuwachotsa zonse zimene anawaika m'kamwa. Mawailesi ena anamufunafuna kangapo kuti achite mbali za alimi, poti onse a ntchito yathu ankadziwa kuti Dinny anali ndani. Anakana onse. Ankakhalira tiyi ndi buledi.

Anamwalira mu Juni 1954. Mwini nyumba anapeza dzina langa pa envulopu yakale n'kundiimbira foni, poti analibe wina womuuza. Ine ndinatumiza uthenga ku positi ofesi ya ku Nangaree, osayembekezera yankho. Patatha masiku atatu kunafika bambo wina wa zaka ngati makumi anayi, Vince Doolan, mwana wa mlongo wake, pa lole yonyamulira nkhosa imene anaitsuka ndithu koma fungo linakana kuchoka. Amalume akewo sanawaonepo chibadwire. Ankangodziwa kuti agogo ake anasiya mawu oti Bert akadzafa, wina adzapite kukamutenga.

Pamsewu paja tinalipo ine, Clarrie amene tsopano anali atakalamba ndipo ankamva khutu limodzi, ndi mwini nyumba ali pawindo. Amuna awiri odutsa anathandiza kukweza bokosi. Vince analimanga ndi zingwe mosamala, kenako anavula chipewa n'kubwera kwa ine.

"Mayi, ndamva kuti munagwira nawo ntchito nthawi yaitali. Amalume angawa anali munthu wotani? Kwathu anthu akandifunsa."

Clarrie anayang'ana kumbali n'kuyamba kufufuza machesi m'matumba onse. Ine ndinamuyang'ana Vince. Bamboyo anali atasiya famu yake kubwera kudzatenga munthu wosamudziwa, ndipo ulendo wautali unali ukumudikira.

"Sankachedwa ku ntchito," ndinatero.

Anagwedeza mutu mokhutira, poti kwawoko imeneyo si nkhani yaing'ono. Anakokanso chingwe chimodzi kuona ngati chagwira, anafunsa Clarrie njira yachidule yotulukira mumzinda, anabwereza funsolo mokweza ku khutu linalo, ndipo atauzidwa anakwera n'kuliza injini.